Mbiya Yakumbuyo ya Nkhandwe

Padangokhala, ndipo vomerani kuti tili tonse, poti palibe nyumba imene nkhani ya mkaka siikhudza.

Kalelo nyama zinali ndi msika waukulu, ndipo mkaka wonse wa pamsikapo unkadzera m'manja mwa Nkhandwe. Iye ndiye ankalawirira kumakola a Ng'ombe, kutali kumene nyama zina zinkachita nako ulesi, n'kubwera nawo pamutu. Mkazi wake Nazimbiri ankauwiritsa n'kumathandiza kugulitsa.

Msikawo unali ndi bwalo la zaumoyo, wapampando wake Mvuu. Bwalolo linalamula kuti mkaka wogulitsa uziwiritsidwa, uzivundikiridwa, ndipo usamathiridwe madzi. Woyendera misika kuti aone ngati lamulo likutsatidwa anali Nungu. Poyeza ankazula munga umodzi pamsana pake n'kuuviika mumkaka. Mkaka weniweni unkakangamira pamungapo n'kumatsika pang'onopang'ono, pomwe wothira madzi unkangoyenderera, munga n'kutsala wopanda kanthu. Akakhutira, Nungu ankamanga mfundo ya mlaza pakhosi pa mbiya, ndipo mayi aliyense akaona mfundoyo ankamwetsa mwana wake osaopa.

Mmodzi mwa ogula tsiku ndi tsiku anali Gwape, mayi wachikulire amene ankalera mwana wa mng'ono wake. Mng'ono wakeyo anamwalira mwana ali wa milungu itatu, ndipo mwanayo anamutcha Tsalani. Gwape anali atasiya kale kubereka, mawere atauma. Moyo wa Tsalani unali m'chipanda chimene Gwape ankapita nacho kwa Nkhandwe m'mawa uliwonse.

Chilimwe chitafika, Ng'ombe zinayamba kutulutsa mkaka wochepa. Ogula sanafune kumva zimenezo. Aliyense ankafuna chipanda chake chidzaze monga nthawi ya dzinja, ndipo chikapanda kudzaza ankamutukwana Nkhandwe kuti ndi woumira. Tisamunamizire, vuto lake linali lenileni. Koma pakamwa ponenera kuti mkaka wachepa anali napo. Iye anasankha njira ina. Anaika mbiya yaing'ono kutsogolo, ya mkaka weniweni, womwetsa mwana wake ndi alendo olemekezeka. Kuseri kwa mkeka wotchinga anaikako mbiya yaikulu yogulitsa, ndipo mkaka ukawira n'kuzizira ankauonjezera madzi. Chitsime chinali kutali, choncho ankatunga m'chithaphwi cha kuseri kwa msika, m'mene nyama zinkatsukamo mapazi.

Sipanathe mlungu, Tsalani anayamba kutsegula m'mimba. Gwape anaununkhiza mkakawo, anaulawa, n'kumva kafungo ka matope. Anapita kwa Nungu.

Nungu sanali waulesi, ndipo chiphuphu sanalandirepo chibadwire. Anali ndi misika isanu ndi inayi yoti aziyendera yekha ndi miyendo yake yaifupi ija. Anamvetsera madandaulo a Gwape mwachifatse n'kulonjeza kuti abwera. Koma Nungu analeredwa bwino, ndipo kwawo anamuphunzitsa kuti munthu waudindo safika pakhomo pa mnzake ngati mphezi. Anatumiza uthenga kwa Nkhandwe kuti afika Lachiwiri.

Lachiwiri Nkhandwe sanapite kuchithaphwi. Anasesa pamalo, anatsuka mbiya zonse ziwiri n'kuthiramo mkaka weniweni, ndipo ogula akadandaula kuti wachepa ankawauza kuti ena alawirira kuposa iwo. Nungu anafika, anaviika munga, mkaka n'kukangamira bwinobwino. Anamanga mfundo pambiya zonse ziwiri.

"Amake Tsalani," anatero Nkhandwe mokoma mtima, nyama zonse zikumva, "mwana akatsegula m'mimba tiziyamba tayang'ana kunyumba. Chipanda chanucho mumachitsuka kangati pamwezi?"

Nyama zinaseka. Nkhandwe anayambitsa nyimbo yake, yotama kuyera kwa mkaka wake ndi munga wa bwana umene sunama. Inali nyimbo yaifupi, yosavuta kugwira, ndipo mbali yovomera inali ya mawu atatu okha, moti ngakhale amene ana awo ankadwala kunyumba anapezeka akuvomera. Gwape anagula mkaka wa tsikulo, Tsalani anamwa n'kugona bwino. M'mawa mwake matope anabwereramo.

Gwape anabwerera kwa Nungu.

"Bambo, mukamuuza tsiku, ndiye kuti mukuyeza tsikulo, osati mkaka."

Nungu anachita manyazi, poti anaona kuti mayiyo akunena zoona. Anati ulendo uno sauza aliyense, ngakhale mkazi wake. Ndipo anasungadi mawu ake. Anatulukira pamsika Lachisanu, nthawi imene Nkhandwe anali kuseri kwa mkeka, mtsuko wa madzi a m'chithaphwi uli m'manja. Akanangolowa, nthanoyi ikanathera pomwepa. Koma Nungu anaima pakhomo n'kunena kuti odi.

Nkhandwe anatuluka manja ali m'mwamba ndi chimwemwe. Anapereka mpando, iye n'kukhala pansi, n'kuyamba malonje. Anafunsa za moyo wa bwana, za amayi kunyumba, za ana mmodzimmodzi powatchula maina, za mwendo wa apongozi umene unatupa chaka chatha, za denga ngati analifolera. Nungu, poti funso la ulemu silibwerera lopanda yankho, anayankha lililonse, nayenso n'kufunsa za kwa Nkhandwe. Pamene malonje ankatha, Nazimbiri anali atabisa mtsuko uja, atapukuta ndi pansi pomwe. Anatunga mkaka m'mbiya yakutsogolo, anagwada, n'kupereka chikho kwa mlendo ndi manja awiri. Munga unaviikidwa ndipo mkaka unakangamira.

Gwape, amene anaima chapatali Tsalani ali kumbuyo, ananena kuti mkaka umene amagulitsa sachokera m'mbiya imeneyo, ayezenso wa kuseri. Nungu anayang'ana kumkeka kuja.

"Kuseriko n'kwa amayi, bwana," anatero Nkhandwe motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwambiri. "Ngati mukufuna kukavundukula mbiya za mkazi wanga, lowani. Ine ndiyang'ana kumbali."

Wina anatsokomola, wina anaseka poyera. Minga ya Nungu inagona pamsana. Anati palibe chifukwa, mfundo ilipo kale, n'kutsanzika. Asanatuluke n'komwe mumsika, nyimbo ija inayamba, tsopano itaonjezeredwa ndime ya mayi wina wosabereka amene amachitira nsanje mbiya za eni. Ovomera anachuluka kuposa poyamba.

Kuchokera tsiku limenelo Gwape anayamba kuwiritsanso mkaka akafika nawo kunyumba. Kutsegula m'mimba kunachepako, koma madzi ndi madzi ngakhale uwawiritse. Tsalani ankamwa chipanda chonse n'kumalirabe njala. Nthiti zinayamba kuwerengeka, liwombo linalowa m'kati. Kumakola kunali kutali kosayendeka ndi mwana wodwala, ndipo wogulitsa wina panalibe. Mwezi womwewo Mbira anaika ana awiri m'manda, ndipo pamaliro akuluakulu ananena kuti ndi mphepo ya chilimwe.

Tsiku lina m'mawa, potsanulira mkaka mumphika, Gwape anaona kanthu kakuda kakugwedeza mchira. Inali mbululu, yamoyo. Anaibwezera m'chipanda n'kupita molunjika kubwalo la zaumoyo. Mvuu anaitanitsa Nungu ndi Nkhandwe. Nungu anaviika munga m'chipandamo, ndipo mkaka unayenderera wonse osasiya ndi kadontho komwe.

Nkhandwe anasuzumira m'chipanda, anaiyang'ana mbululuyo nthawi yaitali ngati akuyesa kuikumbukira.

"Ine kanyamaka sindikukadziwa, akuluakulu. Kafunseni kanene kwawo. Chipandachi chachoka m'manja mwanga dzuwa likutuluka. Chadutsa zithaphwi zingati chisanafike pano?"

Akuluakulu anagundana mitu. Panali lamulo lakuti mkaka woyeza uzitungidwa ndi woyendera misika mwiniwake, m'mbiya ya wogulitsa. Lamuloli silinali lopusa. Linaikidwa chaka china pamene wogulitsa wosalakwa anathamangitsidwa pamsika chifukwa mdani wake anathira dothi m'chipanda n'kukamunenera. Mvuu anati sangaweruze ndi chipanda choyenda m'njira. Komabe, pofuna kuti chilungamo chioneke, analamula Nungu kuti tsiku lina losatchulidwa akalowe yekha kuseri kwa mkeka, popanda odi, popanda mpando, n'kuviika munga m'mbiya iliyonse. Ananena zimenezi Nkhandwe ali pomwepo, akugwedeza mutu movomereza.

Nkhandwe anali atauonerera munga uja katatu konse, ndipo anali atazindikira chimene umafunsa. Munga sudziwa Ng'ombe, sudziwa chithaphwi. Umangofunsa ngati chinthu n'cholimbako. Kuyambira m'mawa wotsatira, akathira madzi m'mbiya yakumbuyo ankathiramonso ufa wa chinangwa wosefa bwino, n'kutakasa mpaka mibulu yonse itatha. Ankachita zimenezi tsiku lililonse, poti sankadziwa tsiku la bwana.

Patapita masiku asanu Nungu anafika. Sananene odi, ngakhale mawuwo anamufika pakhosi. Anadutsa mpando, anakankha mkeka, anavundukula mbiya yaikulu n'kuviika munga mpaka pakati. Mkaka unakangamira kuposa kale lonse. Anazula munga wina n'kuyesanso, zomwezo. Nungu anatuluka n'kulengeza, mtima uli m'malo, kuti pa misika yake yonse sanaonepo mkaka wamafuta chotere, ndipo anamanga mfundo yachiwiri pakhosi pa mbiyayo. Tsiku limenelo nyimbo inavinidwa. Ndime yatsopano inali ya mbululu imene inasochera n'kukabadwira m'chipanda cha mayi waulesi, ndipo ana a pamsika ankagwedeza michira moyerekeza.

Bwalo linagamula kuti Gwape waipitsa mbiri ya mnzake katatu, ndipo akapepese pamaso pa onse tsiku la msika.

Kunyumba, Gwape akawiritsa mkaka ankapeza phala pansi pa mphika. Anadziwa chimene chachitika. Anadziwanso kuti akapita nalo kubwalo adzamufunsa kuti ufawo ndi wa m'nyumba ya yani. Mimba ya Tsalani inatupa n'kuuma gwa, miyendo ili ngati timitengo. Mwanayo anali atasiya kulira. Ankangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anansi anayamba kulankhula motsitsa akamadutsa pakhomopo, ndipo mmodzi anamulangiza Gwape kuti adziwitsiretu achibale akutali. Gwape sanatumize uthenga kwa aliyense. Anakhala masiku awiri akuganiza za mwambo wa kupepesa, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tsiku la msika nyama zinasonkhana. Mvuu anabwera yekha kudzaona kuti chigamulo chatsatidwa. Gwape anagwada pamaso pa Nkhandwe, Tsalani ali kumbuyo, n'kunena kuti walakwa, ndipo akupempha kuti mwambo uchitike wonse, osadumpha kalikonse, kuti nkhani ithe lero lomwe.

Mwambo wake unali wotere. Ankadzaza chikho chimodzi. Ankayamba kumwa a banja lolakwiridwa, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, kenako a banja lolakwa chimodzimodzi, kuti pasatsale ngakhale khanda lokula ndi chakukhosi. Nkhandwe anakondwa. Anati iye si munthu wosunga zinthu mumtima, n'kukodola mkazi wake kuti atunge m'mbiya yakutsogolo.

"Pepani, akuluakulu," anatero Gwape akadali chogwada. "Mbiya yakutsogoloyo sindinaiyambe ine. Imene ndinainyoza ndi yakumbuyo, ya mfundo ziwiri. Timwe umenewo, kuti onse aone kuti ndavomera."

Mvuu anati mayiyu wanena bwino. Nkhandwe anayesa kunena kuti wakumbuyo ndi wa ogula, si wopatsa alendo, koma Mvuu anamufunsa ngati pali kusiyana, ndipo Nkhandwe anati ayi, palibe. Nungu analowa kuseri n'kutunga yekha, chikho chodzaza.

Nkhandwe analandira, anamwa kwambiri, ananyambita milomo n'kuyamikira Ng'ombe za kumakola. Iye anali wamkulu, mimba yake inali itadya zoipa zoposa pamenepo. Nazimbiri anangogunditsa milomo n'kupukuta msanga. Kenako chikho chinayenera kupita kwa mwana wawo, kamwana konenepa kongoyamba kuyenda, kamene kanali kumsana kwa amake. Pambuyo pa kameneko chikanapita kwa Gwape, kenako kwa Tsalani, ndipo aliyense amene anayang'ana Tsalani tsiku limenelo ankadziwa kuti madzi a m'chithaphwi osawiritsa sakanawapirira.

Nkhandwe anati mwana wake wagona. Mwanayo anasuzumira paphewa pa amake, maso ali gwa pachikho. Nkhandwe anati wangokhuta kumene, angasanze. Mvuu anati mwambo sufuna kuti akhute, angolawa. Nkhandwe anati mwanayu mkaka sagwirizana nawo chibadwire, ndipo apa nyama zinaseka, poti kamwanako kanali katatambasula kale manja.

Nkhandwe anayang'ana Mvuu, anayang'ana khamu, anayang'ana mbiya yake ya mfundo ziwiri. Anatenga chikho m'manja mwa mkazi wake n'kumunong'oneza kuti kamodzi sikapha. Kenako anachipititsa yekha kukamwa kwa mwana wake.

Nazimbiri anachimenya. Chikho chinagubuduka mpaka pamapazi a Mvuu.

"Wanga ayi," anatero.

Gwape anadzuka pamene anagwada paja, anamasula nsalu n'kumutembenuzira Tsalani kutsogolo kuti onse amuone.

"Nanga wanga?"

Nazimbiri analowa kuseri n'kutulutsa mtsuko wa madzi obiriwira ndi nsengwa ya ufa wa chinangwa, n'kuziika pansi pamaso pa bwalo. Nungu anakankha mbiya yaikulu ija n'kuigwetsa. Pamwamba panatuluka zoyera, pansi panatsala phala losakanikirana ndi matope. Mbira, amene anaika ana awiri, anafika pafupi, anayang'ana, n'kukhala pansi pomwepo. Panalibe woyambitsa nyimbo.

Nkhandwe sanathe nzeru. Anagwira pakamwa modabwa n'kukumbutsa akuluakulu kuti iye ananena kale poyera kuti kuseriko n'kwa amayi, mwamuna sadziwa za m'mbiya. Akuluakulu anayamba kutsutsana ngati mlandu wa mbiya umagwera mwamuna kapena mkazi, wina akuti wotunga madzi ndani, wina akuti wotakasa ndani. Pamene ankagwirizana kuti amufunse Nkhandwe mwini wake, pamalo pamene anakhala panali patazizira. Pambuyo pake zinamveka kuti watsegula malonda a mkaka pamsika wachisanu ndi chinayi, wakutali kwambiri, umene Nungu ankaufika kamodzi pamwezi.

Za Gwape nyama zinagawanika. Ena ankati anachita nkhanza kuika mwana wa mnzake pamzere wa chikho chimene ankachidziwa. Ena ankati pamzere womwewo anaikapo wake, ndipo njira zonse zofatsa anali ataziyenda mpaka zitamuthera. Za Nazimbiri nazonso sanamvane, poti dzanja limene linamenya chikho ndi lomwelo limene linkabisa mtsuko. Nungu anapempha kuti amuchotse paudindo, koma bwalo linakana chifukwa panalibe wina wofuna misika isanu ndi inayi. Linangomuonjezera ntchito yoti aziwiritsa pang'ono mkaka uliwonse n'kuona chotsala pansi pa mphika. Ndipo pamene Nazimbiri anayamba kupita yekha kumakola n'kumagulitsa mkaka weniweni, chipanda chosadzaza, ogula ena ankang'ung'udza kuti nthawi ya Nkhandwe zinthu zinali bwino.

Koma Gwape tsiku lija sanadikire kumva chigamulo. Akuluakulu akadali mkati motsutsana, Nazimbiri anakoleza moto, anawiritsa mkaka wa m'mbiya yaing'ono n'kuupereka osayang'ana nkhope ya mnzake. Gwape analandira osathokoza. Anauziziritsa, anaviika chala n'kudonthezera pakamwa pa Tsalani. Dontho loyamba linatsikira kumbali. Lachiwiri linakhala pa lilime nthawi yaitali, kenako pakhosi panagwedezeka.

Anachita chomwecho tsiku lonse, ndi lotsatira, ndi linalo, dontho ndi dontho, poti mimba yotupa silandira zambiri. Tsiku lachinayi masana, Gwape akutsuka chipanda panja, m'nyumba munamveka mawu. Anali osasa, oipa kumva, ngati chitseko cha bango chikukhula pansi. Anakula, anakulirakulira, mpaka mnansi wina anatulukira pampanda n'kufunsa ngati amake Tsalani sakumva kuti mwana akulira, bwanji osakamutonthoza.

Gwape anakhala pansi pakhonde, chipanda chili pamiyendo.

"Mulekeni alire kaye," anatero. "Ndikufuna ndimumve."

Yathera pamenepa. Za mbatata musavutike lero, kaoneni mkaka pamoto ungasefukire.